Chitini cha ba Kafula

Makoma anali atafika pa mawindo. Zinali zipinda ziwiri zolumikizana, chilichonse ndi khomo lakelake, mtundu uja wa nyumba umene anthu a mu Lusaka amautcha midadada: mwini wake sagonamo, amangobwera mwezi ukatha kudzatenga lendi. Tiza anaima pakati pa chipinda chopanda denga, dzuwa la Okutobala likumulasa paliwombo, n'kumayang'ana kumwamba ngati malata akuwaona kale.

Zaka khumi ndi chimodzi anazithera ku Mangalande, kusambitsa nkhalamba za eni, kuzidyetsa ndi sipuni, kuzitembenuza pabedi. Komboni yakwawo yotchedwa George imene ankailota m'chisanu cha kumeneko sanaipezenso. Mitengo ya mango anadula. Pabwalo pamene ankasewera mpira wamanja panali tchalitchi cha malata ndi malo otsukira magalimoto. Ana a anzake akale ankamuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso. Chimene chinamudikira osasintha chinali kapoloti aka kokha, kamene anagula ali kunja komweko. Poti sakanatha kudzasaina yekha, pepala lake linalembedwa m'dzina la amalume ake, ba Chabwera a ku Matero, ndipo mpaka lero linali m'manja mwawo.

Kuseri kwa khoma Isaiah Mwewa anali kuthirira mabuloko ndi chigubu kuti simenti igwire. Anadziwana mwezi wa Epulo kwa oumba mabuloko, tsiku limene mwamuna wamtali wosamudziwa ananyamula buloko limodzi mwa amene Tiza anali pafupi kulipira, n'kuliponya pansi, buloko n'kumwazika ngati chigumu. Anamuuza kuti ndi mchenga wokhawokha, namuperekeza kwa woumba wina. Tiza anaona kuti mwamuna woyamba n'kukuswera katundu pofuna kukupulumutsa ngofunika kumuyang'ana kawiri. Pofika Ogasiti, Isaiah anali atatumiza kale mkhalapakati ndi mbale ya nsalamu, kandalama kogogodera pakhomo monga amachitira Abemba.

Ba Chabwera analandira mbaleyo, kenako anatchula malowolo: K25,000, yonse pamodzi, Novembala asanathe. Achewa akale ankakwatitsa mwana ndi nkhuku ndi khasu, mkamwini n'kudzalima. Koma Lusaka inaphunzitsa aliyense mtengo wa chilichonse, ndipo ba Chabwera, amene sukulu inawakana, phunziro ili lokha analimva.

"Ba Tiza, lamulo inavomeleza," anatero Isaiah akutula chigubu. "Munthu angatapeko twente pesenti pa penshoni yake ya ku NAPSA, kamodzi chabe. Ni ndalama zanga. Nikatapa, ba malume banu bazakhala chete."

"Si zanu," anayankha Tiza. "Ni za mudala wina amene simunakumane naye. Ali na nkhope yanu, koma alibe mano. Mufuna kumubela kuti ba malume bagule suti?"

Isaiah anaseka, nati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tiza anamuuza kuti mwambi umenewo anaupeka munthu amene anafa ali mnyamata.

Malamulo ake anali atatu, ndipo anabwera nawo musutikesi limodzi ndi majuzi amene sankawavalanso. Ngongole izifa poyamba. Penshoni isakhudzidwe. Chotsala chilowe mu simenti ndi malata. Kunja kuja anaona ndi maso ake kuti ukalamba suopsa, choopsa n'kukalamba uli pa chifundo cha abale. Iye mwini analibe penshoni ya kuno, zipinda izi ndizo zinali penshoni yake. Sabata yomweyo chilimba chawo, chija amayi khumi amasonkherana mwezi ndi mwezi, chinali chitagwera iye: K11,000, yokwanira malata ndi mapulanga mvula isanagwe. Za ngongole anafunsapo Isaiah kamodzi, iye n'kuyankha kuti n'tung'onotung'ono.

Foni ya Isaiah inalira m'thumba. Anaiyang'ana, naibweza msanga. Anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene simenti imafunira, kenako anati ali ndi kantchito m'tauni. Linali Loweruka lomaliza la mwezi.

* * *

Uthenga unabwera masana omwewo kuchokera kwa Ketty, mnzake wa pachilimba amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Lilanda. Chinali chithunzi, pansi pake mawu anayi: "Mwandi, uyu si wako?"

Anali wake. Anakhala pakhonde la matailosi, mbale ya nsomba ndi chikanda, chija Abemba amaphika ndi mizu ndi mtedza, ili pamiyendo, ndipo mayi wonenepa bwino, wa chitenje chagolide, anali atawerama akumuthirira madzi m'manja. Kuwerama kwake si kumene munthu amaweramira mlendo.

Ketty anatumizanso mawu ojambula, akulankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Mayiyo ndi ba Kafula, wamasiye, wogulitsa nsomba zouma za ku Luapula, nyumba zitatu, kwawo n'kumodzi ndi Isaiah. Oyandikana nawo akuti mwezi uliwonse ukatha, mwamuna wamtali uja amabwera, amadya, amalowa m'nyumba, n'kutuluka akupinda ndalama. Ketty anamaliza ndi kupepesa, koma m'mawu ake munali kachimwemwe ka munthu wofika koyamba pa ngozi.

Tiza sanalire. Anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka nkhope ya Isaiah inadzaza foni. Anakhala zaka zambiri akudyetsa anthu, ndipo ankadziwa nkhope ya munthu wodya zimene akuzifuna ndi ya munthu womeza poti wauzidwa. Koma mtima wansanje sumvera zimene maso akudziwa. Anatumiza chithunzicho kwa Isaiah popanda liwu lililonse, n'kuzimitsa foni.

* * *

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita ku Matero. Anapeza amalume ake pakhonde akupukuta nsapato zopukuta kale. Atapatsana moni wa ana ndi matenda onse, Tiza anapempha pepala la poloti. Anati akufuna kulisintha dzina asanakhome denga, chifukwa munthu sungaike alendi pamalo pamene pepala likutchula wina.

Ba Chabwera anati pepala lili bwino, lili musutikesi, koma kiyi ali ndi azakhali ake a Tiza, amene apita ku maliro ku Chawama. Mwezi watha kiyi yemweyo anali atapita ku ukwati.

"Iwe ufulumila vamapepala," anatero. "Fulumila kuona munthu amene ufuna kukwatiwa naye. Zaka fote, alibe na njinga. Afuna kulowa pa poloti yako monga nkhuku yolowa mu khola ya bene. Akalephela kulipila, ni chizindikilo. Elo uyo ali na mwine wake ku Lilanda."

Tiza anawayang'ana. Iye sanatchulepo Lilanda. Anafunsa kuti amva kwa yani, iwo n'kuyankha kuti Lusaka ndi mudzi waung'ono, nabwerera ku nsapato zawo. Ali mwana, amalume awa ndi amene ankamunyamula paphewa kupita naye kukaonera mpira. Anafunafuna munthu ameneyo pa nkhope yawo, napeza wokalamba wa maso othawathawa.

* * *

Isaiah anamupeza ku poloti madzulo dzuwa lisanalowe, atakhala pa mulu wa mabuloko otsala. Sanabwere ndi mphatso, ndipo Tiza anamuwerengera chimenecho ngati nzeru.

"Niuzeni chimodzi chabe," anatero Tiza. "Ni mkazi wanu?"

"Ni kaloba."

Liwu limenelo silifuna womasulira m'komboni. Kaloba ndi ngongole ya kuseri, yobereka mwezi uliwonse ngati mbewa. Isaiah anakhala pansi pafumbi n'kufotokoza, maso ali pa nsapato. Amayi ake anamwalira chaka chatha mu Ogasiti, atanena kuti akawaike ku Mansa pafupi ndi amuna awo. Galimoto yonyamula maliro inafuna ndalama tsiku lomwelo. Ba Kafula, munthu wa kwawo, anamupatsa K8,000 asanamalize n'kupempha komwe, natenga chikole chimene amatenga kwa onse olandira malipiro ku banki: khadi la pamakina, manambala ake achinsinsi, ndi chitupa cha boma. Malipiro akalowa, iwo ndi amene amapita ku makina. Amachotsa K2,400 ya chiwongoladzanja, n'kumuitana kuti adzatenge zotsala. Ndipo zotsalazo sapereka munthu asanadye.

"Miyezi ingati?"

"Fotini."

Tiza anawerengera m'mutu. Mwamunayu anali atalipira ngongoleyo kanayi, koma K8,000 ija inali chiimire ngati chulu. Ba Kafula anali atamuuzanso kangapo, moseka, kuti ngongole ya m'nyumba imodzi siwerengedwa, akangosamukira ku Lilanda khadi alipeza pansi pa pilo.

Anamufunsa chifukwa chimene anabisira. Isaiah anati mkazi wa malamulo atatu ungamuuze bwanji kuti lamulo loyamba unaliswa asanabwere? Kenako anati pali china. Masabata awiri apitawo anali atalembetsa kale zotapa penshoni ija, pafoni, ndi fotokope ya chitupa. Ankafuna kuti ndalama zikabwera awonjezere pang'ono, akatule kwa ba Chabwera, Tiza adzangomva nthungululu. Anamuuza kuti zikhala pafupifupi K18,000, ndipo zilowa tsiku lililonse sabata ino.

Tiza anafunsa mofatsa, monga ankafunsira nkhalamba ngati yamwa mapiritsi onse nthawi imodzi.

"Zizalowa mu akaunti iti, ba Isaiah?"

Isaiah anagwira kumutu. Akaunti anali nayo imodzi yokha, ndipo khadi lake linali ku Lilanda.

Apa ndi pamene mkazi wina akanatola chikwama chake n'kumapita, ndipo palibe akanamunena. Tiza anayang'ana makoma ake opanda denga. Kumpoto mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo aliwonse ngati anthu odikira basi. Anayang'ananso mwamuna amene anakwirira amayi ake kumene iwo anafuna, n'kudya chikanda cha manyazi miyezi khumi ndi inayi osadandaulira munthu.

"Mvelani," anatero. "Mailo m'mawa mupemphe chilolezo ku nchito. Ndalama ya malata tizaombolela khadi. Ya penshoni ikalowa, siyenda kwa ba malume, siyenda ku ukwati. Izagula denga iyi, kuti mudala uja azidya lendi m'malo mwa vimene mwamutapila. Ija K2,400 imene munali kupatsa ba Kafula, muzayamba kusunga ya malowolo. Ba malume bazayembekeza. Ine nayembekeza zaka ileveni kubwela kuno, sininafe."

Isaiah anati sangalole mkazi kumulipirira ngongole asanamukwatire n'komwe, anthu adzati chiyani.

"Sinikulipililani. Nikukongozani, popanda mbale ya chikanda. Muzasaina."

Anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwa munthu amene m'maso muli misozi. Anafuna kumugwira dzanja. Tiza analibweza, nati dzanja alipeza khadi likabwera.

* * *

Nyumba ya ba Kafula inali ndi mpanda wautali wa magalasi osweka pamwamba ndi fungo la nsomba zouma lofika kumsewu. Anawalandira pakhonde lija la matailosi Lolemba nthawi ya naini m'mawa, atavala kale ndolo. Mayiyo anapatsa Isaiah moni m'Chibemba, wautali, wofewa, womutchula dzina la ubwana limene Tiza sanalimvepo. Koma Tiza, mayiyo anangomuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndimwe ba kunja? Ninamvela kuti munali kusambika tunkhalamba twa bazungu. Nchito ya mtima, mwandi. Manja yanu yaonetsa."

"Yaonetsa," anavomera Tiza. "Yabwela na ndalama ya ba Isaiah."

Ba Kafula anaitanitsa tiyi. Tiza anathokoza nati adya kale. Mayiyo anati mlendo sakana chakudya cha m'nyumba ya Mubemba, Tiza n'kuyankha kuti sanabwere ngati alendo. Anatulutsa envulopu, nawerenga K8,000 patebulo, pepala limodzilimodzi. Ba Kafula sanazikhudze. Anati mwezi watsopano wayamba kale kuyenda, ndipo mwezi ukangoponda pakhomo umalipiridwa wonse. Isaiah anayamba kutsutsa kuti chiwongoladzanja anadula dzana lomweli, koma Tiza anamugwira bondo. Anali atayembekezera zimenezo. Anawonjezera K2,400, n'kutsala ndi ndalama zosagula ngakhale malata atatu. Kenako anatulutsa pepala limene analemba kunyumba, lonena kuti ngongole yatha, napempha siginecha.

Mayiyo anawerenga pepalalo kawiri. Anayang'ana Isaiah nthawi yaitali, ndipo kwa kamphindi Tiza anaona chinthu chimene sanafune kuchiona: mayiyu sankafuna ndalama zokha. Miyezi khumi ndi inayi anaphika chikanda ndi manja ake.

"Isaiah, ni iwe ufuna, olo ni ba nesi?"

"Ni ine, ba Kafula. Nipatseni khadi yanga."

Ba Kafula anasaina. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini chachikulu cha mabisiketi, cha maluwa ofufuma ndi dzimbiri m'mbali. Atachitsegula, Tiza anaona makhadi a ku banki omangidwa ndi malabala, mitolomitolo, lililonse ndi kapepala ka dzina: aphunzitsi, alonda, oyendetsa magalimoto, theka la malipiro a Lilanda litagona mu chitini chimodzi. Ba Kafula anasolola khadi ndi chitupa, naziponya patebulo. Isaiah anazitola ndi manja awiri. Pansi pa tebulo, Tiza anamupatsa dzanja lija.

Anali ataimirira kale pamene ba Kafula analankhulanso, akufufuza pansi pa chitini mosafulumira.

"Ba kunja, imani. Poti mukonda kuombola vinthu."

Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, lotetezedwa m'pulasitiki, nalitambasula patebulo n'kulipsinja ndi chala cha mphete. Tiza anazindikira nambala ya poloti asanawerenge dzina. Nambala imeneyo anailoweza pamtima m'zipinda zozizira za kutali, ankainena ngati pemphero. Pamwamba pake panali dzina la ba Chabwera.

Ba Kafula anafotokoza mokoma, ngati akusimba za nyengo. Amalumewo anabwera zaka ziwiri zapitazo, pamene ankakwatitsa mwana wawo wamkazi ndipo ankafuna phwando loti Matero yonse ilikumbukire. Khadi la ku banki analibe, choncho anasiya pepala ili, nasainira kuti akalephera, malo ndi zonse zomangidwapo zidzakhala za ba Kafula. Analipira miyezi ingapo, kenako anayamba kudwaladwala pa tsiku lolipira. Iwo ba Kafula, poti ndi munthu wopemphera, anaimitsa chiwongoladzanja n'kuika tsiku lomaliza.

"Ni zingati?" anafunsa Tiza, ngakhale yankho anali atalimva kale m'mafupa.

"K25,000. Novembala ikasila."

Ndiye malowolo aja. Amalume ake sankamugulitsa kwa Isaiah, ankafuna kuti Isaiah awombole chimene iwo anaba. Ndipo pokayika kuti sakwanitsa, anayamba kumunyoza, kuti mwina pabwere mkamwini wa thumba lolemera.

"Makoma yanu ni yabwino," anapitiriza ba Kafula akupindanso pepala. "Ninapitako kuona. Mabuloko yolimba, uyu adziwa kusankha. Musavutike na denga, nizaikapo neka."

Nthawi yomweyo foni ya Isaiah inalira, kulira kwakufupi kwa uthenga wa ku banki. Onse atatu anaimva. Isaiah anaitulutsa, naiyang'ana, ndipo nkhope yake inanena zonse: K18,400, thukuta la zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, yalowa.

"Yafika?" anafunsa ba Kafula akumwetulira. "Leta, Isaiah. Yotsala tizakambilana. Uzabwela chabe kumapeto kwa mwezi, monga kale."

Isaiah anatembenukira kwa Tiza, khadi lili kale m'dzanja. Tiza anaona kuti mwamunayu ali wokonzeka kubwezanso khosi lake m'goli lomwe walivula mphindi zisanu zapitazo, chifukwa cha zipinda ziwiri zopanda denga. Analanda khadilo, naliika m'chikwama chake, natseka zipi.

"Iyi ni ya mudala wathu," anatero. "Ngongole ili na mwine wake, elo mwine wake ali na nyumba ku Matero."

Ba Kafula anatseka chitini ndi chikhatho, chinalira ngati chitseko. Anati masabata ndi asanu, ndipo iwo sawerenga molakwa.

Kunja kwa geti mphepo inali itasintha, ikununkha fumbi lonyowa la kwinakwake kumene mvula yayamba kale. Tiza anaimitsa basi yopita ku Matero. Kondakitala anafunsa ngati ndi awiri.

"Babili," anayankha, nakwera patsogolo pa Isaiah. M'chikwama munali K600, khadi la mwamuna wake wa mawa, ndi funso limodzi lokafunsa munthu amene ankamunyamula paphewa.